Chule Amene Ankadyetsa Ana Ake Khungu Lake

M'mapiri ozungulira tauni ya El Valle de Antón, m'dziko la Panama, munali chule wina amene sankatsikira kumadambo kukaswana monga achitira achule ambiri. Moyo wake wonse unkathera m'mwamba, m'nthambi za mitengo italiitali ya m'nkhalango yokutidwa ndi nkhungu pafupifupi tsiku lililonse. Mvula ikagwa madzi ankadikha m'mphako za mitengo, ndipo wamwamuna ankasankha mphako imodzi n'kuikhalira kuti ndi yake. Usiku ankalira ali pomwepo, kulira kwa mawu aakulu kokhala ngati kuuwa, kuitana wamkazi komanso kuuza amuna anzake kuti malowa ali ndi mwini. Wamkazi akafika ankaikira mazira, apakati pa 60 ndi 200, m'mbali mwa mphako cha m'mphepete mwa madzi. Akatero ankachoka. Ntchito yonse yolera inkatsala ndi bambo.

Mphako ili ndi ubwino wake: nsomba sizifikako, ndipo adani ambiri a pansi sakwera mpaka kumeneko. Koma mulibe chakudya. Mazira akaswa, ambululu ankadzaza timadzi tochepato mpaka kupanikizana, ndipo ofufuza ankadabwa kuti akunenepa ndi chiyani. Yankho analipeza poonetsetsa zochita za bamboyo. Masana ankalowa m'madzi chafutambuyo, theka la thupi lili m'kati, n'kukhala phee kwa nthawi yaitali. Anawo ankamuunjirira n'kumapala tizidutswa ta khungu lake, kumadya. Chule wina wochita zotere anali asanaonekepo. Nyama zina zachibale cha achule, zooneka ngati nyongolotsi zikuluzikulu zimene zimakhala m'nthaka ya m'mapiri a Taita ku Kenya, zimadyetsanso ana khungu, koma kumeneko wodyetsa ndi mayi. Kwa chule wa ku Panama uyu, wodyedwa khungu anali bambo.

Anali chule wamkulu ndithu pakati pa achule a m'mitengo, wofika masentimita 10 kutalika kwake, wodzaza chikhatho cha munthu wamkulu. Khungu lake linali lofiirira, nthawi zina lokhala ndi timadontho tobiriwira, moti akakakamira pa khungwa sankaoneka. Kunsonga za zala kunali timapazi tozungulira tomata pa mtengo, ndipo pakati pa zalazo panali zikopa zazikulu zopyapyala. M'mbali mwa mikono ndi miyendo munalinso khungu lolendewera. Zimenezi sizinali zosambirira. Akaopsezedwa ankadziponya kuchokera m'mwamba, n'kutambasula manja ndi mapazi onse anayi, mphepo n'kumugwira, iye n'kutsetsereka mumlengalenga mpaka kukatera patali, nthawi zina mamita 9. Amuna anali ndi mikono yojintcha ndi minga yolimba cha kumtunda kwa mkono, zida za wolimbirana mphako.

Malo ake onse padziko lapansi anali ochepa kwambiri: mitsetse ya mapiri ochepa m'chigawo cha pakati pa Panama, pamtunda wa mamita 900 mpaka 1,150. El Valle yeniyeniyo inamangidwa m'chigwa chimene kalekale chinali kamwa la phiri lophulika, ndipo nkhalango ya chuleyu ili m'zitunda zozungulira chigwacho.

Asayansi anamupeza mu 2005. Poyamba ankayesa kuti ndi mtundu wina wodziwika kale, koma atamufufuza bwino anaona kuti ndi wosiyana. Mu 2008 gulu lotsogoleredwa ndi Joseph Mendelson wa ku Zoo Atlanta linalemba za iye n'kumupatsa dzina la sayansi loti Ecnomiohyla rabborum, polemekeza George Rabb ndi mkazi wake Mary. George Rabb anatsogolera malo osungira nyama a Brookfield ku Chicago kwa zaka zambiri, ndipo anali mmodzi mwa anthu oyamba kuchenjeza kuti achule akutha padziko. Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene dzinalo linkasindikizidwa, kunkhalango chuleyo anali atasowa kale. Womaliza anamveka akulira mu 2007, wamwamuna mmodzi, ndipo sanaoneke n'komwe.

Nkhalangoyo sinadulidwe yonse, ndipo sikunabwere chilala kapena moto. Mitengo ilipo mpaka lero, mphako zake zikudikhabe madzi. Chimene chinapha achule ndi chinthu chosaoneka ndi maso: fangasi wotchedwa Batrachochytrium dendrobatidis, amene asayansi amangomutchula mwachidule kuti Bd.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake fangasi wa pakhungu angathe kupha, ayenera kudziwa ntchito ya khungu la chule. Munthu akagwidwa ndi zipere, zimene nazonso zimayamba ndi fangasi, amangoyabwidwa n'kumakanda, koma moyo wake sukhala pachiswe. Chule sali choncho. Iye samwa madzi ndi pakamwa, amamwera pakhungu. Amapumiranso pakhungu, ndipo mchere wofunika m'magazi umalowa ndi kutuluka kudzera momwemo. Njere za Bd zili ndi kamchira ndipo zimasambira m'madzi. Zikapeza chule zimaboola khungu, kukula m'kati mwake, kenako n'kutulutsa njere zina zambirimbiri zimene zimagwiranso chule yemweyo kapena anzake. Khungu limakhuthala, limayamba kusupuka, ndipo mchere wa sodiyamu ndi potaziyamu umachepa m'magazi. Kafukufuku amene Jamie Voyles ndi anzake anafalitsa mu 2009 anasonyeza kuti mapeto ake mtima umangoima. Chule wodwala amafooka, amakhala poyera dzuwa likuswa mtengo, ndipo ukamugadabuza satha kudzitembenuza.

Fangasiyu amakonda malo onyowa ndi ozizira. Amakula bwino pakati pa madigiri 17 ndi 25, ndipo kutentha kukapitirira madigiri 30 kwa nthawi yaitali amafa. N'chifukwa chake achule a m'zigwa zotentha apulumuka ambiri, pamene a m'mapiri a nkhungu atha psiti. Kuzizira ndi chinyontho zimene zinapangitsa mapiri a El Valle kukhala malo abwino a achule n'zomwenso zinakomera mdani wawo.

Kufa kwa achule kunayamba kuoneka anthu asanadziwe chowapha. Ku Monteverde m'dziko la Costa Rica, chule wa mtundu wa golide amene ankasonkhana m'timaiwe mazanamazana anaoneka komaliza mu 1989. Ku Australia nakonso achule a m'mitsinje ya m'mapiri ankasowa mosadziwika bwino. Mu 1998 Lee Berger ndi anzake anasonyeza kuti achule akufa ku Australia ndi ku Central America anali ndi matenda amodzi, ndipo chaka chotsatira Joyce Longcore wa ku Maine ndi anzake anafotokoza fangasiyo n'kumupatsa dzina.

Munthu amene anaona mliriwu ukuyenda ndi Karen Lips, wasayansi wa ku America. Achule amene ankawafufuza ku Costa Rica anatha. Anasamukira kumadzulo kwa Panama, nakonso anatha. Atazindikira kuti matendawa akuyenda chakum'mawa motsata mapiri, makilomita makumi angapo chaka chilichonse, anakakhazikika patsogolo pake, ku El Copé, n'kuyamba kuwerenga achule matendawo asanafike. Kwa zaka zingapo zonse zinali bwino. Mu September 2004 anapeza chule woyamba wodwala, ndipo pasanathe miyezi yambiri mitembo inali mbwee m'mphepete mwa mitsinje. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti mitundu 30 inasowa pamalo amodziwo, ndipo isanu mwa imeneyi inali isanapatsidwe n'komwe maina.

El Valle ili kum'mawa kwa El Copé, ndipo si kutali. Aliyense wodziwa nkhaniyi ankatha kuwerengera kuti kwatsala chaka chimodzi kapena ziwiri.

Apa ndi pamene anthu anachita chinthu chimene mwa masiku onse oteteza zachilengedwe amachikana: kuchotsa nyama m'tchire mwadala. Mendelson ndi Ron Gagliardo wa ku Atlanta Botanical Garden, mothandizana ndi anzawo a ku Panama, anayenda m'nkhalango usiku ndi matochi, kutola achule a mitundu yosiyanasiyana. Boma la Panama litavomereza, achule mazana angapo anawaika m'timabokosi tapulasitiki tokhala ndi ndere zonyowa, n'kuwalongedza m'masutikesi olowa nawo m'ndege mpaka ku Atlanta. Mu 2006 matenda atafika ku El Valle, nyumba yosungira achule imene inkamangidwa mothandizidwa ndi Houston Zoo inali isanathe. Edgardo Griffith, wasayansi wa ku Panama komweko, ndi Heidi Ross anasunga achule opulumutsidwawo m'zipinda za hotela ina ya m'tauniyo, Hotel Campestre. Anthu odzipereka ankatsuka matanki tsiku ndi tsiku, kusambitsa achule odwala m'mankhwala opha fangasi, ndi kupita kutchire kukagwira tizilombo towadyetsa.

Ena anadzudzula kuti uku n'kutenga chuma cha dziko losauka kupita nacho kudziko lolemera, ndipo funso lotere siliyenera kunyozedwa, chifukwa zoterozo zachitikapo kambirimbiri. Koma pa nkhani iyi nthawi inaweruza yokha. Achule a Rabb amene anasiyidwa m'mitengo anasowa m'zaka ziwiri, pamene ena mwa otengedwa anakhala zaka zina zambiri.

Kukhala ndi moyo kokha sikunakwane. Panafunika kuti aswane, ndipo apa mpamene zinakanika. Chule amene amaikira mazira m'dziwe savuta kumusunga, chifukwa dziwe n'losavuta kulikonza m'tanki. Koma uyu ankafuna mphako ya mtengo wa m'mwamba, madzi a mvula okhala ndi makhalidwe ake, kuzizira kwa usiku wa kuphiri, ndi bambo wokhazikika mtima woti n'kukhala phee ana akumudya khungu. Osamalira ankaphunzira zonsezi akugwira kale ntchito, chifukwa panalibe buku loti n'kuwerenga za nyama imene inali itangodziwika kumene. Ku Atlanta ambululu anabadwapo, koma sanakule. Wamkazi womaliza anafa mu 2009. Kuyambira nthawi imeneyo chiyembekezo choti aswane chinali chitatha, ngakhale kuti amuna awiri anali akupumabe. Mmodzi wa iwo, wa ku Zoo Atlanta, anayamba kufooka, ndipo pa 17 February 2012 madokotala a nyama anamugoneka kuti asavutike komanso kuti asunge bwino maselo ake.

Wotsalayo ankatchedwa Toughie. Ankakhala ku Atlanta Botanical Garden m'kontena yonyamulira katundu pasitima imene anaikonza kukhala chipinda chotetezedwa ku matenda, chosaloledwa alendo wamba. Ankadya tizilombo ta mtundu wa nkhululu, ndipo osamalira ankapewa kumugwiragwira kupatula pomuyeza kulemera. Kwa zaka zambiri sankalira. Mu December 2014, Mark Mandica, amene ankayang'anira ntchito yosamalira achule pamalopo, anamva kuuwa kwachilendo kuchokera m'kontenamo, ndipo anathamangira kukajambula mawuwo pafoni. Mawu amenewo ndi chuma lero, chifukwa ofufuza angathe kuwagwiritsa ntchito pozindikira chuleyu ngati atalira m'nkhalango.

Chithunzi cha Toughie chimene anajambula Joel Sartore wa National Geographic chinayenda kutali kuposa mwini wake. Chinaonetsedwa pakhoma la likulu la United Nations ku New York mu 2014, ndi pa tchalitchi cha St. Peter ku Vatican mu December 2015, pa nthawi ya msonkhano wa zanyengo wa ku Paris. Anaonekanso m'filimu ya Racing Extinction. Pa 26 September 2016 osamalira anamupeza atafa m'tanki lake. Popeza anamugwira ali wamkulu kale mu 2005, anali ndi zaka zosachepera 12.

Kodi fangasiyu anachokera kuti? Kwa nthawi yaitali chala chinkaloza ku Africa. Cha m'ma 1930 asayansi a ku South Africa anapeza kuti chule wa m'madzi wotchedwa Xenopus laevis, wathupi laphwatalala ndi tizikhadabo kumapazi, angathe kuuza mayi ngati ali ndi pakati. Ankabaya chule wamkazi ndi mkodzo wa mayiyo, ndipo ngati ali woyembekezera chuleyo ankaikira mazira pasanathe tsiku. Njirayi inagwira ntchito mpaka cha m'ma 1960, ndipo achule masauzande ambiri anatumizidwa m'zipatala za m'mayiko akutali. Achule amenewa amanyamula Bd osadwala, ndipo fangasiyo anapezeka pa chule wina wosungidwa m'myuziyamu amene anagwidwa mu 1938. Koma mu 2018 kafukufuku wamkulu wa majini, wotsogoleredwa ndi Simon O'Hanlon, anasonyeza kuti kwawo kwenikweni kwa Bd ndi kum'mawa kwa Asia, cha ku Korea, ndipo mtundu woopsa kwambiri unafalikira m'zaka za m'ma 1900, pamene malonda a pakati pa mayiko ankakula. Mwa njira iliyonse, wonyamula anali munthu: achule ogulitsidwa ngati ziweto, a ndiwo, a m'malaboletale, ndi ena obisala m'katundu.

Mu 2019 Ben Scheele ndi asayansi ena ambiri anawerengera kuti matendawa achepetsa mitundu 501 ya achule ndi zibale zawo, ndipo mitundu 90 mwa imeneyi ikuganiziridwa kuti inatheratu. Palibe matenda ena odziwika amene anawononga mitundu ya nyama yochuluka chotero. Kauniuni wa padziko lonse wa mu 2023 anapeza kuti mitundu 41 pa 100 iliyonse ya nyama za gulu limeneli ili pangozi yotha, ngakhale kuti chifukwa chachikulu pa zonse ndi kuwonongeka kwa malo okhala.

Wina angafunse kuti chule wa m'mwamba mwa mtengo ku Panama ali ndi phindu lanji kwa munthu. Funsoli lili ndi mayankho ooneka. Ku El Copé achule atatha, njoka zimene zinkadya achule ndi mazira awo zinachepa mitundu, ndipo zina zotsala zinaonda. M'mitsinje ndere zinachuluka chifukwa ambululu ozidya kunalibe. Chokhudza kwambiri ndi chimene Michael Springborn, Karen Lips ndi anzawo anapeza mu 2022 atayerekeza mmene mliri wa achule unayendera ndi mabuku a zipatala a ku Costa Rica ndi Panama. M'maboma amene achule anafa, malungo anakwera kwa zaka zingapo zotsatira, mpaka kufika pa odwala owonjezera pafupifupi mmodzi pa anthu 1,000 alionse pachaka. Ofufuzawo akuti chifukwa chomveka n'chakuti achule ndi ambululu amadya udzudzu ndi mphutsi zake, kapena kulimbirana nazo chakudya. Kwa owerenga a m'dziko limene malungo amadzaza mawodi a ana nthawi ya dzinja, mfundo imeneyi si yakutali.

Komabe n'kulakwa kuyeza chule wa Rabb ndi udzudzu umene akanadya. Kutayika kwake n'kwakukulu pakokha. Njira yolerera ana m'mphako, bambo akudyetsa khungu lake, inatenga zaka zosawerengeka kuti ikhalepo, ndipo anthu anaiona kwa zaka ziwiri zokha isanazimirire. Mafunso okhudza zimene zinali m'khungu limenelo, ndi mmene bambo ankalikonzera kuti likhale chakudya, atsala opanda woti n'kumufufuza.

Nkhani yofanana nayo inachitika pafupi ndi kwathu, ndipo inatha mosiyana. Ku Tanzania, m'mapiri a Udzungwa, kachule kachikasu ka ku mathithi a Kihansi kankakhala pamalo a mahekitala ochepa okha, onyowetsedwa ndi nthunzi ya mathithiwo. Damu la magetsi litapatutsa madzi ambiri cha m'ma 2000, malowo anayamba kuuma, kenako Bd anamaliza otsala. Mu 2009 kanalengezedwa kuti kanatha kutchire. Koma achule pafupifupi 500 anali atatumizidwa kale ku America, ndipo ku Bronx Zoo ndi ku Toledo Zoo anaswana mpaka kufika masauzande. Kachuleka sikaikira mazira, kamabereka ana amoyo, motero sikafuna dziwe kapena mphako. Mu 2012 ena anabwezeredwa ku Kihansi, kumene mapaipi opopera madzi amayesa kubwezeretsa nthunzi yakale. Kusiyana kwake n'koonekeratu: a ku Kihansi anatengedwa ambiri, nthawi ikadalipo, pamene a ku El Valle anatengedwa ochepa, madzi atafika kale m'khosi.

Phiri la Mulanje nalonso lili ndi achule amene sapezeka kwina kulikonse, monga Amietia johnstoni wa m'mitsinje ya pamwamba pa phirilo ndi Nothophryne broadleyi amene amakhala pa matanthwe onyowa. Chowaopseza chodziwika ndi moto wa chaka ndi chaka ndi kudulidwa kwa nkhalango. Nyama ya paphiri limodzi ilibe kothawira, ndipo amene akuwerenga achule amenewa n'kulemba moyo wawo panopa akugwira ntchito imene ku El Valle inayamba mochedwa.

Ku Panama ntchito sinathe ndi imfa ya Toughie. Bungwe la Panama Amphibian Rescue and Conservation Project, limene linayamba mu 2009 mothandizana ndi Smithsonian, limaweta mitundu ingapo ku Gamboa, pafupi ndi ngalande ya Panama. Chule wachikasu wa madontho akuda amene ndi chizindikiro cha dzikolo, ndipo ali ndi tsiku lake pa 14 August, akuswana bwino m'matanki ngakhale kuti kutchire anasowa. Mu 2017 achule 90 a mtundu wa Atelopus limosus anamasulidwa m'chigwa cha Mamoní poyesa kuona mmene angakhalire, ena atamangiriridwa timawailesi ting'onoting'ono towatsatira. Mu 2018 Voyles ndi anzake analengeza kuti mitundu ina yayamba kubwerera yokha m'mitsinje ya Panama. Fangasiyo sanafooke, koma madzi a pakhungu la achule opulumukawo akulimbana naye bwino kuposa kale. Ku Australia, Anthony Waddle anasonyeza mu 2024 kuti njerwa zamabowo zoikidwa m'kanyumba kapulasitiki padzuwa zimatenthetsa achule mokwanira kupha Bd, ndipo ochira amakhala olimba akakumananso ndi matendawo. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo, koma imathandiza achule opirira kutentha, osati a m'nkhalango zozizira za m'mapiri.

Pa mndandanda wa bungwe la IUCN, Ecnomiohyla rabborum sanalembedwe kuti anatheratu. Ali m'gulu la nyama zimene zili pangozi yaikulu koposa, ndi chizindikiro choti mwina anatha kale. Bungweli silifulumira kulengeza kutha kwa mtundu, makamaka wa nyama yoyenda usiku yokhala m'mwamba mwa mitengo, kumene ofufuza amafika movutikira ndi zingwe. Achule ena amene anthu anawataya mtima anapezekanso patapita zaka makumi angapo, ku Costa Rica ndi ku Ecuador. Kwa chule wa Rabb, ofufuza abwerera m'zitunda za El Valle kangapo kuyambira 2007, ndipo sanapeze wamkulu, mbululu kapena dzira m'mphako iliyonse imene anaisuzumira.